Majisitireti wa mlandu wanga ndamuona akudya mbale imodzi ndi amene ndinamusumira, nditani?

Abiti Usipa

Abale, ndigawireniko nzeru, usiku wathawu kwandichera ndili maso. Khoti sinditchula, dzina la bwana woweruzayo ayi, chifukwa Mangochi ndi yaing'ono ndipo mlandu udakali m'kati.

Ine ndi wa geni ya usipa. Ndimapikula m'madoko kuyambira ku Makawa mpaka ku Msaka, kuyanika pa thandala, kulonga m'matumba, ulendo wa ku Limbe. Chaka chatha mkulu wina amene ndakhala ndikumugula usipa kwa zaka zambiri anandidandaulira kuti injini ya boti lake yafa. Chilimira anali nacho, alovi alipo, nyali zilipo, koma popanda injini sakanafika kutali kumene usipa unathawira. Ndinatapa K850,000 pa mpamba wanga, iye anaonjezera yake, tinagula Yamaha yogwirapo kale ntchito. Pangano linali loti boti likafika pa doko woyamba kugula ndine, ndipo pa chigoba chilichonse azindichotsera mtengo mpaka ndalama yanga itabwerera. Tinalemba pa pepala lothothola m'kope la mwana wanga, mboni ziwiri zinasaina, a mfumu anadinda.

Miyezi itatu zinayenda. Kenako boti linayamba kufika lopanda kanthu. Lero akuti mwera, mawa akuti mwezi wawala usipa sukubwera ku nyali, pamene anzanga akundiuza kuti akumakatsitsira pa doko lina m'bandakucha. Kwa a mfumu ngongole anaivomera, koma osapereka ngakhale tambala. Ndiye ndinakatenga samani. Tapita kukhoti kawiri, ulendo wachitatu ndi Lachinayi likubwerali.

Tsono Loweruka ndinali ku sadaka ya masiku 40 ya mayi wina wa kumudzi kwa amuna anga. Ndinali kuseri ndi amayi anzanga, tikupakula mpunga. Ndikudutsa ndi thileyi, maso anagwera pa khonde pamene anakhazika akuluakulu. Bwana majisitireti ali phee pa mkeka, nsapato atavula, ndipo amene akuwathirira madzi osamba m'manja ndi mkulu wa injini uja. Anadya mbale imodzi, akuseka. Pochoka anawaperekeza mpaka pa galimoto, mnyamata wina n'kuika kabeseni kovundikira kumbuyo. M'kabesenimo munali chiyani sindikudziwa, mwina mpunga wa pa sadaka womwewo poti ambiri ananyamula. Koma ine miyendo inazizira. Mayi wina anandinong'oneza kuti akazi a bwanawo ndi akazi a mkuluyu ndi pachisuweni.

Nditawafotokozera azakhali anga, anangoti kwa akulu sapita chimanjamanja. Akuti ndigule chambo zinayi zikuluzikulu, ndikasiye kwa mayi a kunyumba kwa bwanawo ngati moni chabe, kuti sikelo ifanane. Ndalama ya chambozo ndaipatula kale, ili pa mfundo ya chitenje.

Kodi lamulo limamulola woweruza kudya ndi munthu amene ali ndi mlandu pamaso pake? Nanga munthu wamba ngati ine, wopanda loya, ndingapemphe kuti mlandu wanga aumve wina? Kapena ndingomvera azakhali?

Kalaliki Wopuma

Mayi, poyamba masulani mfundoyo mukagulire ana ndiwo. Ndinakhala pa desiki ya ukalaliki m'makhoti a majisitireti zaka zoposa 20, ndipo ndikukuuzani kuti chambozo zikangolowa pakhomopo, inu amene munali wodandaula mwasanduka wopalamula. Lamulo lothana ndi katangale la 1995, lomwe linakhazikitsa bungwe lofufuza za ziphuphu la ACB, limagwira wolandira ndi wopereka yemwe. Kudzera kwa akazi awo sikusintha kanthu, ndipo kutcha mphatsoyo moni sikuichotsa fungo.

Bwana wina amene ndinagwira naye ntchito anadzuka m'mawa n'kupeza mbuzi itamangiriridwa pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yake. Sanaiphe, sanaimasule kuti izipita. Anatuma mesenjala kuti aikoke mpaka kukhoti, n'kuimanga pa mpanda pamene aliyense amadutsa. Milandu isanayambe anafunsa pagulu kuti mwini mbuziyi ndani. Palibe anayankha, koma bambo wina pa benchi yachiwiri thukuta linali kamukamu m'mawa wa mwezi wa Juni. Mbuzi inakathera ku polisi, ndipo bamboyo tsiku lonse sanadzutse nkhope.

Tsopano za sadaka. Woweruza ndi munthu, ali ndi maliro ake, mzikiti kapena tchalitchi chake, ndipo pa sadaka mlendo sasankha pokhala, amachita kumukhazika. Kungopezeka pa khonde limodzi sikokwanira kuti timunene kuti wakondera. Komabe wosamala akaona kuti amene akumuthirira madzi ndi munthu woti Lachinayi aima pamaso pake, amapeza njira yosunthira. Ndinaona ena akungopereka chipepeso n'kunyamuka chakudya chisanafike, anthu n'kumawanena kuti ndi odzimva. Sikunali kudzimva. Ntchitoyi imamudyera munthu macheza, chifukwa aliyense womuseketsa lero mawa akhoza kukhala mu bokosi.

Chimene chandiimitsa ine ndi chibalecho. Woweruza amayenera kudzichotsa pa mlandu ngati mmodzi wa olimbanawo ndi mbale wake wapafupi kapena wa akazi ake, ngati iye kapena a m'nyumba mwake apindula ndi mmene mlandu uthere, kapena ngati nkhaniyo akuidziwira kunja kwa khoti. Kukambirana za mlandu ndi mbali imodzi, inayo palibe, n'koletsedwanso. Ndipo muyeso wake si woti mpaka mugwire umboni wakuti wakonderadi ayi. Funso ndi loti munthu woganiza bwino, wodziwa zonse zimene zachitika, angakayike kuti mlanduwu uweruzidwa molungama? Ngati angakayike, bwanayo atule fayilo.

Ndiye inde, mutha kupempha, ndipo loya safunika. Koma yambani mwafufuza chisuwenicho kwa munthu wamkulu wodziwa mabanja awiriwo, osati zonong'onezana pa moto wa mpunga. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Kuno kwathu mawu oti msuweni amatambasuka, mwina ndi mwana wa amalume enieni, mwina ndi woti agogo awo anangomwera chitsime chimodzi.

Lachinayi mlandu ukaitanidwa, umboni usanapitirire, imirirani munene kuti, bwana woweruza, ndili ndi pempho. Nenani zokhazo zimene maso anu anaona ndi zimene mwatsimikiza za chibale, kenako pemphani mwaulemu kuti mlandu umvedwe ndi wina komanso kuti pempho lanulo lilembedwe mu fayilo. Kabeseni kaja musakatche ziphuphu, simunakavundukule. Kumunamizira woweruza m'khoti mwake kutha kukutengerani mlandu wonyoza khoti.

Amene amagamula pempholi ndi iye mwini. Akhoza kuvomera, akhoza kukana n'kupereka zifukwa. Akakana musatuluke mokwiya, pitirizani mlandu. Mukadzagonja, apilo ya kuno imapita ku khoti lalikulu, lapafupi ndi la ku Zomba, ndipo jaji akadzatsegula fayilo adzapeza kuti munanena nthawi idakalipo. Amene amakumbukira za chibale atagonja kale, nthawi zambiri samvedwa.

Ndikuchenjezeniretu, akavomera musaimbe nthungululu. Woweruza watsopano akhoza kufuna kumva mboni zonse kuyambira pachiyambi, ndiye thiransipoti ndi masiku a geni ndi zanu.

Wakabaza wa pa Mlatho

Madala a Kalaliki mwayala bwino, koma zimenezo ndi za m'buku. Ine ndimanyamula anthu opita kukhoti pafupifupi tsiku lililonse, ndipo zimene amalankhula ali kumbuyo kwa njinga ndimazimva. Uyu fayilo yake yasowa, uyu mlandu wake wasunthidwa kasanu mpaka wangotopa n'kusiya. Chibale ndi fupa, mayi, sichiola. Mukakaimirira n'kunena zimenezo, bwanayo adzamwetulira koma mumtima wakusungirani.

Komanso chinthu chimodzi madala simunanene. Nthawi zambiri amene amadya si bwana ayi. Ndi anyamata ongoyendayenda pabwalo pa khoti aja, amakupeza pansi pa mtengo n'kukuuza kuti bwana ndimamwa naye tiyi, ndipatseni kenakake ndikamufikire. Amatenga kwa iwe, amatenganso kwa mnzako, mmodzi wa inu awinabe basi, ndiye wowinayo amapita akulengeza kuti ndalama yagwira ntchito. Chambo zanuzo mukanapatsa ameneyo zikanathera pa mbaula yake.

Kalaliki Wopuma

Pa za anyamata a pansi pa mtengo, mwana wanga, sindikutsutsa. Ndipo ndinene mwamanyazi kuti ena mwa iwo anali ovala yunifolomu ngati yanga. Mayi, ndalama iliyonse imene mwapereka kukhoti muzilandira lisiti la boma. Popanda lisiti, musatulutse.

Mwana wa ku Malindi

Mayi, ine ndikuphunzira zamalamulo ku Zomba, sindinafike pokhala loya, ndiye tengani izi ngati zoonjezera pa zimene bambo a Kalaliki anena.

Zimene mukupemphazo si chifundo, zili m'Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994. Ndime 9 imati makhoti aziweruza moima paokha komanso mosakondera, poyang'ana mfundo zokhudza mlandu ndi zimene lamulo likunena, basi. Ndime 103 imati woweruza aliyense agwire ntchito popanda munthu kapena ofesi ina kumulowerera. Ambiri timamva ndimeyi ngati yoteteza majaji kwa andale okha, koma apongozi ndi asuweni nawonso ndi anthu olowerera.

Palinso mfundo za Bangalore. Majaji akuluakulu a m'mayiko osiyanasiyana anaziyamba pa msonkhano wa mumzinda wa Bangalore ku India mu 2001, n'kuzimaliza ku The Hague mu 2002, ndipo mayiko ambiri amatengerapo polemba malamulo a khalidwe la oweruza awo. Mitu yake ilipo 6: kuima pawekha, kusakondera, kukhulupirika, kudzisunga, kuona anthu onse mofanana, ndi kudziwa ntchito n'kuigwira mwakhama. Pa za mphatso zimanena mosapsatira kuti woweruza ndi a m'banja lake asapemphe kapena kulandira mphatso, ngongole kapena chithandizo chokhudzana ndi ntchito yake, ndiponso asalole ogwira ntchito pansi pake kutero. Ndiye mayi a kunyumba aja alimo, makalaliki ndi amesenjala alimonso. Mutu wotsiriza uja umakhudza zimene achimwene a kabaza akudandaula: kuchedwetsa mlandu popanda chifukwa nakonso ndi kulakwira ntchito, si tsoka la wosauka chabe.

Musasokoneze makomo awiri. Ngati mukuona kuti chigamulo chalakwika, khomo lake ndi apilo. Ngati vuto ndi khalidwe la woweruza, dandaulo limapita ku bungwe loona za khalidwe la oweruza, ndipo za ziphuphu zenizeni ndi za ACB. Bungwe loona za khalidwe silingakubwezereni K850,000 yanu, ndipo pa zimene mwaona mpaka pano, ine sindikuona dandaulo loti mulembe. Pempho la m'khoti lija ndilo lokuyenerani. Mukafuna wokuthandizani kukonza mawu, funsani a Legal Aid Bureau, ntchito yawo ndi kuthandiza osakwanitsa kulipira loya.

Achimwene a pa mlatho, sindikunena kuti zonse zili bwino. Koma kumbukirani mlandu wa chisankho cha Meyi 2019. Majaji asanu, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Redson Kapindu, a Dingiswayo Madise ndi a Michael Tembo, atayesedwa ndi ndalama nkhaniyo sinakwiriridwe. Inafika kwa jaji wamkulu wa nthawiyo a Andrew Nyirenda, iwo n'kukaitula ku ACB, ndipo mu 2021 khoti lalikulu linapeza mkulu wina wa bizinesi wolakwa pa mlandu wofuna kuwahonga. Pa 3 Febuluwale 2020 asanuwo anafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti, tinavotanso pa 23 Juni, ndipo chaka chomwecho anapambana mphoto ya bungwe la Chatham House la ku London. Chimene ndimatolapo ine n'chakuti sanangokana mwakachetechete, anaulula. Ndi mbuzi ya pa mpanda ija, kungoti iyi inali yonenepa.

Gogo wa ku Namwera

Mdzukulu wanga ndiye akundilembera, ine maso anatha. Ndinabadwa boma lino likutchedwa Fort Johnston, ndiye za makhoti ndaziona mitundu iwiri.

Ana inu mukukamba zopempha woweruza kuti adzichotse ngati ndi chinthu wamba. Nthawi ya Kamuzu ukanayambira pati? Kuyambira 1969 milandu ikuluikulu, ngakhale yakupha, inayamba kupita ku makhoti a Traditional Court, kumene ambiri okhala pa mpando anali mafumu ndipo loya sankaloledwa kukuimira. A Orton Chirwa, loya wamkulu amene anakhalapo nduna ya zamalamulo, anaweruzidwa kumeneko pamodzi ndi akazi awo a Vera mu 1983, chilango cha imfa. Chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse, a Orton n'kumwalira m'ndende ya Zomba mu 1992, a Vera anatuluka mu 1993. Woweruza wa nthawi imeneyo sankaopa chisuweni, ankaopa amene anamuika pampando. Makhoti amenewo anatha titalowa m'zipani zambiri. Ngakhale pambuyo pake, mu 2001, aphungu anafuna kuchotsa majaji atatu a khoti lalikulu chifukwa zigamulo zawo sizinkakomera olamula, koma anthu anakana ndipo sizinatheke. Ndiye iwe mwana wanga, mwayi woimirira n'kulankhula uli nawowo usauchepetse.

Za azakhali akowo, usawanyoze. Mwambo sanalakwe, alakwitsa khomo. Pa bwalo la mfumu ndakhalapo ngati nduna zaka zambiri. Kumeneko mfumu imadziwa aliyense, amake, agogo ake, ndi malire a munda wake, ndipo kudziwako ndiko kumaipatsa mphamvu. Nkhuku ya pabwalo imaperekedwa masana, anthu onse akuona, ndipo cholinga chimakhala choti awiriwo mawa adzathe kupemphana moto. Komanso ngakhale kumeneko, mlandu ukakhudza mphwake wa mfumu, mfumu yanzeru imauza nduna kuti weruzani ndinu, kapena imautumiza kwa a gulupu. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, makolo anadziwa kale. Khoti la boma ndi lina. Kumeneko woweruza amafunika akhale mlendo kwa nonse awiri, amve za pa pepala ndi za mboni. Nsomba yolowera kukhitchini madzulo si nkhuku ya pabwalo.

Abiti Usipa

Zikomo nonse, ndabwera kudzakuuzani mmene zathera Lachinayi.

Lachiwiri ndinapita kwa apongozi anga aakazi, amene mabanja onse a kumeneko amawadziwa ngati zala zawo. Anandiwerengera mpaka ndinamvetsa: mayi ake a mkazi wa mkulu wa injini ndi bambo ake a mkazi wa bwanayo ndi a mimba imodzi. Chisuweni chenicheni.

Kukhoti ndinafika 7 koloko isanakwane. Mawu ndinawaloweza usiku ngati mwana wa sukulu, koma dzina langa litaitanidwa pakamwa panauma gwaa. Ndinangoti, bwana, ndili ndi pempho, kenako zonse zinatuluka mosalongosoka, sadaka, mbale imodzi, chisuweni. Za kabeseni ndinadziluma lilime monga munandiuzira bambo a Kalaliki. M'khoti munangoti zii. Bwanawo analemba nthawi yaitali osadzutsa mutu, ine ndikungoona cholembera chikuyenda, mtima uli phaphapha.

Atamaliza anafunsa mkulu uja ngati chibalecho n'choona. Anayamba kuzungulira, akuti kuno tonse ndi pachibale. Bwanawo anamudula, anati funso ndi loti inde kapena ayi. Anati inde. Ndiye anatiuza kuti iwo si a kuno, za chisuwenicho anazimva pa sadaka pomwepo, ndipo mlanduwu sangaupitirize. Ngati akanadzanena okha ine ndisanaimirire, sindingadziwe, ndipo sindinafunse. Sanandikalipire, sanandiyamikenso. Anangoti fayilo ipita kwa woweruza wina, tibwerenso pakatha masabata 7.

Panja mkulu uja anandipeza pa njinga, akuti mwandichititsa manyazi pagulu, mayi. Ndinamuuza kuti manyazi ake ndi K850,000, akabweza atha. Azakhali anga mpaka lero akuti chambo zikanamaliza nkhani tsiku lomwelo. Ndalama ija ndinagula matumba opanda kanthu ndi mchere.

Tsono vuto lina labuka. Mwa mboni zanga ziwiri zija, mmodzi ananyamuka Lolemba kupita ku Joni kukasaka maganyu, ndipo sabwera chaka chino. Iyeyo ndi amene anali ataperekera kale umboni kwa bwana woyamba. Bambo a Kalaliki, woweruza watsopanoyo angawerenge zimene zinalembedwa kale mu fayilo, kapena ndiyambe kuwapempha a mfumu amene anadinda pepala lija kuti adzaime m'malo mwake?